Bokosi la Mchenga Kunsi kwa Bedi la Ababa

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndili ndi sandipepa m'manja. Ababa anali kalipentala ku Chilomoni, ndipo shedi yawo inali m'mphepete mwa msewu wokwera kuphiri. Tsiku lina kunaima galimoto yoyera, yotha matayala, n'kutsikamo bambo wamtali wamagalasi atagwira kabotolo kagalasi kotalika ngati chala. Ankafuna timashelefu tamatabwa toimikapo timabotolo totere. Ta m'labotale ya pakoleji pomwe ankaphunzitsa tinali titathyoka, ndipo togula kunja sitinkabwera.

Ine ndinali nditamaliza digiri yoyamba ya kemisitiri, koma kulikonse komwe ndinkafunsira ntchito kunali zii. Ababa atayamba kuyeza kabotolo kaja ndi tepi, ndinawauza kuti mabowo asathine, chifukwa kabotolo kakatentha munthu amakachotsa mwachangu ndi chopanira. Mlendoyo anatembenuka.

"Uyu ndani?"

"Mwana wanga, Filomena. Anaphunzira zomwezi zanuzi, koma pano akudya nane utuchi," anayankha ababa.

Mlendoyo anali a Dokotala Namate. Pobwera kudzatenga timashelefu tawo, anandiuza kuti akufuna wothandizira m'labotale, ndipo amene angalowe ntchitoyo adzaloledwa kuchita digiri yachiwiri pansi pawo. Ababa anavula chipewa. Usiku wa tsikulo anakana kudya mpaka nditawawerengera dzina la maphunzirowo kawiri.

Ntchito yake inali yosavuta kuifotokoza. M'mawa ndinkatsuka mabika ndi mafulasiki, ziwiya zathu zagalasi, choyamba ndi sopo, kenako ndi madzi oyeretsedwa mwapadera, n'kuwayanika chozondoka. Ndinkayeza makemikolo pasikelo ya magalasi, yomwe inkasintha nambala munthu akangopumira pafupi. Ndinkakonzera ophunzira a digiri yoyamba zoti agwiritse ntchito, n'kumayendayenda kumbuyo kwawo kuti wina asayamwe asidi ndi pakamwa. Masana ophunzira akapita, tebulo la pakona linkakhala langa.

Mbali ya kemisitiri yomwe ndinkaphunzira imaona mmene chitsulo chimagwiridwira. Kachidutswa kochepetsetsa ka chitsulo, monga kopa, kobati kapena nikelo, kakakhala m'madzi sikakhala kokha. Kamazunguliridwa ndi tinthu tina timene timakagwira ngati manja. Tinthu togwirato timatchedwa maligandi. Chiwerengero cha manjawo, ndi mmene aimira, ndizo zimapereka mtundu. Kobati wogwiridwa ndi madzi mbali zisanu ndi imodzi amaoneka wapinki. Mukathira asidi wa mchere wamphamvu, manja amatsala anayi ndipo madziwo amasanduka abuluu muli kuyang'ana. Nikelo wogwiridwa mbali zisanu ndi imodzi kawirikawiri amabiriwira. Akagwiridwa mbali zinayi zoyala ngati ngodya za tebulo, amafiira kapena kuchita chikasu.

Ababa ndinawafotokozera zimenezi pa tebulo lathu lodyera.

"Ndiye kuti chitsulo chili pakati apa, ngodya zinayi izi ndiwo manja?" anafunsa akugogoda thabwa.

"Eya. Tsono enawo, lina limagwira kumwamba, lina kunsi."

"Wakowo ndi uti?"

Funso la digiri yanga yonse linali lomwelo. A Dokotala anali ndi ligandi yawo yatsopano, ya manja anayi ndi mkono wina wotsalira. Tinkafuna kudziwa ngati mkono wotsalirawo umagwira nikelo kapena umangolendewera. Ndinkasungunula ligandi mu ethano, mowa wa m'labotale, kuthiramo mchere wa nikelo, n'kuwiritsa mu fulasiki yokhala ndi kondensa pamwamba kuti nthunzi izibwerera pansi. Zikazizira ndinkasefa papepala. Chotsala chinali ufa wa mtundu wa njerwa yosapsa bwino, wosafiira kwenikweni, wosabiriwiranso. Makina oyezera mphamvu ya maginito, omwe akanatithandiza, anali atafa kalekale ndipo ankangoikapo mafaelo.

"Ufa sulankhula," ankatero a Dokotala. "Ndipatse mbulu umodzi wokha, woyera bwino, ndikauike pa ekisire. Ukatiuza zonse."

Ankanena makirisitalo, timibulu tonga ta shuga, timene timamera pang'onopang'ono madzi akamauma. Makina a ekisire oonera m'kati mwa mbulu kuno kunalibe. Mnzawo wina wa ku yunivesite ya ku South Africa anali atavomera kutiyezera, ndipo a Dokotala ankayenera kupita kumeneko kumsonkhano kumapeto kwa chaka. Mbulu unkayenera kukhalapo ulendowo usanafike.

Kumeretsa mbulu n'kosavuta pokamba. Mumasungunula ufa mu ethano wochepa, kusefera m'kabotolo koyera, kutseka pakamwa ndi pulasitiki yomata, kuboola timabowo ndi singano, n'kukaika pamalo ozizira, amdima, osagwedezeka. Kenako mumakasiya. Kakagwedezeka, m'malo mwa mbulu umodzi waukulu mumapeza fumbi.

Izi zinali zaka zija za mizere ya mafuta ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Magetsi ankazima pafupipafupi, ndipo jenereta ya pakoleji inali kuseri kwa khoma la labotale yathu. Ikalira, mabika ankavina pashelefu. Dzuwa la masana nalo linkawomba khoma lomwelo. Ndinayesa m'kabati, m'dirowa, ngakhale m'ofesi ya a Dokotala. Fumbi lokhalokha. Choipa kwambiri, kemikolo yopangira ligandi inali m'botolo limodzi lokha lomwe a Dokotala anabwera nalo kuchokera komwe anakaphunzira. Ulendo uliwonse wolephera unkatsitsa botololo, ndipo oda yogulira lina inangokhala pa desiki ya wina kudikira madola.

Nthawi imeneyo ababa anali atasiya kupita kushedi. Mtima wawo unali utayamba kuvuta, miyendo inkatupa, ndipo kukwera kamtunda ka kwathu kunkawathera mpweya. Amayi anamwalira ndili kusekondale, choncho m'nyumba tinalimo awiri. Tsiku lina nditawadandaulira za jenereta, anandiloza kuchipinda kwawo.

"Kodi ukufuna malo ozizira osagwedezeka? Khoma ilo lagunda thanthwe. Ngakhale mu Okotobala ndimafunda bulangete. Ndipo wogwedeza ndani? Ine ndine gogo wongogona."

A Dokotala anaganiza kwa nthawi, kenako anavomera. Anati timabotoloto ndi tating'ono, tikhale m'bokosi lotseka, ana asafikeko, ndipo pasakhale moto pafupi. Ababa anaitanitsa matabwa otsala kushedi. Atakhala pampando, anakhoma kabokosi kolimba, n'kudzazamo mchenga wosefa kuti timabotolo tizimire mpaka m'khosi ndipo kugwedezeka kulikonse kuzithera mumchengamo. Imeneyo inali ntchito yawo yomaliza. Ine ndinatenga ufa wonse womaliza, n'kuugawa m'timabotolo tingapo, kalikonse ndi chilembo chake ndi nambala yake. Pamwamba ndinafunditsa nsalu yakuda yotchinga kuwala. Bokosilo tinalikankhira kunsi kwa bedi la ababa, cha kumutu.

Kuyambira tsikulo ababa anapeza ntchito. Chitseko cha kuchipinda anachikulunga nsanza kuti chisamenye. Wailesi anaisamutsira pabalaza. Mayi wina woyandikana nafe, yemwe ankasinja pafupi ndi khoma, anamupempha kuti asunthe mtondo wake, ponena kuti mutu ukuwawawa. M'mawa uliwonse ankatukula ngodya ya nsalu ija, kuunikira ndi tochi osakhudza kanthu, ndipo madzulo ndikafika ankandipatsa lipoti.

"Madzi atsika pang'ono. Ana ako sanabadwe."

Ndinawaphunzitsa kuti tikaona timibulu tonga singano, si zabwino kwenikweni, poti n'toonda. Tofunika ndi tonenepa, ta mbali zosalala.

"Ngati thabwa lopala bwino," anatero.

Palibe wina amene tinamuuza. Sikuti tinkabisa. Tinkangoona kuti munthu ukamuuza, afuna aone, ndipo akaona afuna agwire.

Ababa anagonekedwa kuchipatala chachikulu masiku otentha aja mvula isanagwe. Anawatengera kumeneko anansi ine ndili kuntchito. Nditafika kuwodi ndinawapeza ali ndi chubu cha mpweya m'mphuno, koma maso ali gwa pakhomo kundidikira. Anandikodola.

"Mena, abadwa."

"Ndani?"

"Ana ako. Ndawaona m'mawa ndisanagwe. Botolo lachiwiri kuchokera kukhoma. Si masingano ayi. Timatabwa, tofiira ngati mlombwa wopaka vanishi." Anapuma kaye. "Akadali aang'ono. Usakaone wekha, wamva? Ndikatuluka tikaonera limodzi."

Ndinalonjeza. Mawa lake kunafika azakhali anga, alongo awo a ababa, kuchokera ku Nsanje, kudzandithandiza kudwazika. Tonse tinkagona komweko kuchipatala. Ndinapita kunyumba kamodzi kukatenga zovala. Ndinaima pakhomo la chipinda chija, nsalu yakuda ikuonekera kunsi kwa bedi, tochi ili pampando. Ndinatseka chitseko pang'onopang'ono n'kubwerera.

Ababa anamwalira m'mawa wina, adokotala asanayambe kuyendera odwala.

Amene anaonapo maliro m'matauni mwathu akudziwa mmene zimayendera. Wina amatsala kuchipatala kulongosola za kumochale ndi bokosi. Ena amatsogola kunyumba kukakonza siwa. Katundu yense amatulutsidwa, mipando, matebulo, mabedi, kuti azimayi apeze poyala mphasa ndi pogona. Ntchitoyi imachitika mwachangu ndiponso mwachikondi, ndipo palibe amene amafunsa mwini nyumba, chifukwa mwini nyumba akulira. Ine ndinatsala. Azakhali anatsogola. Akalipentala anzawo a ababa anakana kuti tigule bokosi, anati akhoma okha, ndipo ndinakhala nawo kusankha matabwa. Za kunsi kwa bedi sizinandibwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Ndinafika ku Chilomoni dzuwa litapendeka. Masamba anali ataikidwa kale pamsewu. Amayi a mphakati wathu wa kutchalitchi anali akuimba m'nyumba. Panja, pansi pa mtengo wa mapeyala, panali katundu wathu yense ataunjikidwa, ndipo bedi la ababa linali litatsamira khoma, miyendo m'mwamba. Pambali pake panali kabokosi kaja, kotsegula. Mchenga unalimo. Munalinso timaenje tozungulira, tooneka bwinobwino, m'malo momwe munali timabotolo.

Azakhali anandigwira dzanja n'kundikokera kuseri kwa nyumba. Ankalankhula motsitsa mawu.

"Usafunefune. Ndataya m'chimbudzi. Nsalu yakuda ija ndaotcha."

Azakhali anapitiriza.

"Ndinalowa ndekha kuti ndichotse zofunda anyamata asananyamule bedi. Ndiye ndikupeza zimene zija. Kumutu kwa munthu wodwala, Filomena! Mabotolo okwirira mumchenga, madzi ofiira, nsalu yakuda, ndi zolembalemba. Bambo ako aang'ono a ku Bangwe anali ali pakhomo, akuvula nsapato."

"Azakhali, ija inali sukulu yanga."

"Ndikudziwa kuti ndiwe mwana wabwino. Ndakuona ukuwasambitsa bambo ako. Koma iwo aja akhala akunena kuyambira kale kuti mwana wamkazi sukulu yosatha akufuna chiyani. Akanangoona, lero lomwe pamaliro pano mawu akanatuluka akuti wakhwimira bambo ako kuti upate digiri. Ukanawauza kuti chiyani? Kuti nsupa za masiku ano n'zagalasi? Dzina limenelo silichoka, mwanawe. Ukanakwatiwa nalo, ana ako akanakula nalo."

Ndinapita kuchimbudzi kuja. Chinali chokumba, chakuya, ababa anakumbitsa okha. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana dzenje. Anthu omwe anandimva ndikulira anati mwana wamasiye walira bambo ake, ndipo sanalakwe.

Ababa tinawaika konkuno m'tauni, poti mafuta opitira nawo kumudzi sanapezeke. Bambo aang'ono analankhula bwino kumanda. Anayamikira kuti ndinasamala mbale wawo mpaka mapeto, ndipo anati ana ena atengerepo chitsanzo. Azakhali anandiyang'ana.

Nditabwerera kuntchito ndinawauza a Dokotala zonse. Anavula magalasi, n'kutenga botolo la kemikolo lija pashelefu, kulizondotsa. Simunagwe kanthu.

"Akuti anali otani?"

"Ofiira. Onenepa, a mbali zosalala."

"Ndiye kuti mwina ndi manja anayi, mkono uja ukungolendewera. Mwina." Anabweza botolo pamalo pake. "Koma sitingalembe kuti bambo ako anaona. Pepa, Filomena. Inenso ndinayenera kukuuza kuti theka litsale kuno, ngakhale lisanduke fumbi."

Anapita kumsonkhano kuja chimanjamanja. Chaka chotsatira anapeza ntchito kunja ndipo sanabwerere. Anayesetsa kundilembera kuti ndiwatsatire, koma malo olipiriridwa sanapezeke. Amene analowa m'malo mwawo anali wa mbali ina ya kemisitiri, ndipo oda ya kemikolo ija sinayankhidwe. Ndinakhalabe chaka china ndikutsuka mabika ndi kuyang'anira ophunzira. Mitu itatu ya pepala langa la digiri ilipo mpaka lero. Mutu wachinayi, wofotokoza mmene nikelo wagwiridwira, uli ndi dzina lokha. Kenako nyuzipepala ina inkafuna munthu wodziwa sayansi woti imuphunzitse utolankhani, ndipo ndinapita.

Azakhali sindinawalankhule kwa nthawi yaitali. Sindinawakalipire, ndinkangoti ndatanganidwa. Patapita zaka anabwera ku Blantyre kudzaonetsa maso awo kuchipatala, ndipo anafikira kwa ine ku Zingwangwa. Anaona kabokosi kaja pawindo, momwe ndinadzalamo tsabola mumchenga womwe uja wosakaniza ndi manyowa. Anakazindikira.

Ndinawakhazika patebulo. Ndinasungunula shuga wambiri m'madzi otentha, kuthira m'tambula, n'kulendeweretsamo ulusi. Tinaiika pamwamba pa kabati. Masiku omwe anakhala akudikira opaleshoni, m'mawa uliwonse ankapita kukasuzumira ndi diso lawo labwino. Timibulu titayamba kumera paulusi, anandiitana ngati mwana.

"Ndiye zija zinali zimenezi?"

"Zimenezi. Kungoti zija zinali za chitsulo."

"Achimwene anaziona?"

"Anaziona. Iwo okha."

Anapukuta diso lodwala ndi nsonga ya chitenje. Ndinawafunsa funso lomwe ndinalisunga zaka zonsezo.

"Ndikanakuuzani kale, mukanataya?"

"Tsiku lija? Ndikanataya ndithu," anayankha osazengereza. "Ine ndikanamva. Koma pamaliro si pophunzitsira anthu sukulu. Ukanatiuza tonse kale, bambo ako ali moyo, akuseka, iwo eni akutionetsa ndi tochi yawo. Bwenzi anyamata aja atanyamula bokosi lako ngati mazira."

Ku kemisitiri ndinaphunzira kuti mbulu umafuna mdima, bata ndi kusakhudzidwa, ndipo zimenezo n'zoona. Koma mdima womwewo, m'nyumba ya anthu, umakhala ndi tanthauzo lina. Chinthu chimene sunafotokozere abale ako nthawi ya mtendere, adzachifotokoza okha tsiku la tsoka, ndi nzeru zimene ali nazo, ndipo ena adzachita zimenezo pofuna kukuteteza. N'chifukwa chake nkhani iliyonse ya sayansi ndikailemba, ndisanaipereke kwa mkonzi, ndimadzifunsa ngati azakhali angaimve wina atawawerengera.

Ophunzira a kemisitiri akandifunsa malangizo, ndimawauza ziwiri. Zomwe mwapanga muzigawe, zina kuno zina uko. Ndipo a kwanu muziwaonetsa zomwe mukuchita, ngakhale akufuna kugwira.

Za nikelo uja, ndikafunsidwa ngati katswiri ndimati sizikudziwika. Koma ine ndimakhulupirira kuti anali wa manja anayi, oyala ngati ngodya za tebulo. Mboni yanga inali imodzi, ndipo pa moyo wake wonse sinanamizepo munthu za mtundu wa thabwa.